Ndinkati Ndi Chitukuko

Telala wanga wa pakhonde la sitolo ina kumsika anandichenjeza zaka zitatu adokotala asananene kanthu, koma ine ndinamuyankha ndi mwano. Tsiku limenelo ndinamupititsira thalauzi langa lakutchalitchi kachinayi kuti alikulitse m'chiuno. Analitembenuza, n'kuyang'ana msoko wakumbuyo, kenaka n'kundiyang'ana pamimba.

"Bwana, nsalu yomasula yatha muno. Mukadzabweranso tidzayikamo chigamba."

"Achimwene," ndinatero ine, "chimene mukuchionachi ndi chitukuko. Inu sokani basi."

Anaseka, ine ndinasekanso, ndipo ndinachoka ndikudzisisita pamimba ngati munthu amene wangogula poloti. Sindinkadziwa kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kuti mumvetse chimene ndinkakondera mimba imeneyo, ndiyambe ndi chaka cha 2004. Chaka chimenecho ndinadwala chifuwa chachikulu. Ndinaonda mpaka lamba ankazungulira kawiri kufuna bowo. Amene mukukumbukira zaka zimenezo mukudziwa tanthauzo la kuonda: anthu sankafunsa kuti ukudwala chiyani, ankangotsitsa mawu ukamadutsa. Kuntchito wina anasiya kumwera kapu imene ndinkamwera ine. Ndinamwa mankhwala miyezi yonse imene anandilamula, ndinachira, ndipo ndinalumbira mumtima kuti palibe munthu adzandinong'onezenso. Kilogalamu iliyonse imene ndinkawonjezera inali yankho kwa anthu aja. Nditafika pa 80 ndinati ndawaonetsa. Nditafika pa 90 ndinati ndiwaonetsetse. Pa 98 ambiri mwa iwo anali atapuma kale pantchito, koma ine ndinali ndikuwayankhabe.

Zida zanga zinali zodziwika. M'mawa tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi buledi wopaka majarini mbali zonse ziwiri. Cha m'ma 10 mandasi atatu, chifukwa mayi wogulitsa pageti ndi wamasiye ndipo munthu uyenera kuthandiza amasiye. Masana tchipisi cha pachiwaya ndi nkhumba, botolo la zoziziritsa kukhosi pambali. Madzulo nsima ya ufa woyera mitanda inayi, wachisanu ndikumati ndikuthandiza ana kuti chakudya chisatayike. Lachisanu ndi Loweruka kanyenya ndi mang'ina, zotsitsira zake mukuzidziwa. Masamba ndinkawalemekeza ngati alendo a kutali: ndinkawapatsa moni m'mbale, n'kuwasiya momwemo. Kuchokera kunyumba kupita pasiteji ya minibasi ndi mtunda woti mwana wa sitandade 2 amayenda akusewera, koma ine ndinkakwera kabaza, ndipo anyamata a kabaza akandiona ankayamba kuyang'ana matayala awo.

Zizindikiro zinabwera chimodzichimodzi, ndipo chilichonse ndinachipezera mwini wake. Chifuwa cha m'mawa ndinati ndi fumbi la Lilongwe. Kutopa masana ndinati ndi ntchito. Mutu wa kunkhongo ndinati ndi fizi ya ana. Kulephera kumanga zingwe za nsapato popanda kupumira pakati ndinati ndi vuto la nsapato za masiku ano, ndipo ndinagula zopanda zingwe. Mayi a kunyumba anandiuza kuti usiku ndimaliza mkonono ngati chigayo, kenaka ndimangoti zii osapuma, mpaka iwo amandigwedeza kuti aone ngati akadali pabanja. Ndinawayankha kuti munthu wogona sangayimbidwe mlandu pa zimene sakuzidziwa.

Chifuwa chikandithina ndinkadzichiza ndekha. Mnzanga wina wa kumowa, amene udokotala wake unachokera poti anagonapo m'chipatala milungu iwiri, anandiuza za timapilitsi toyera totchedwa prednisolone. Tinkagwiradi ntchito: masiku awiri chifuwa chamasuka, njala yabwera yoopsa, nkhope yadzaza. Ndinkatimwa nthawi iliyonse imene ndafuna, ngati mtedza wokazinga. Mnzanga yemweyo anandigawirako mapilitsi ake a BP otchedwa propranolol, ati kuti mutu usiye. Mutu unasiyadi pang'ono, koma chifuwa chinayamba kulira ngati mwana wa mphaka. Ndinawonjezera prednisolone.

Chimene chinanditsitsa pampando wanga waulemu ndi nkhuku. Pa Khirisimasi tinapita kwa apongozi ku Dedza, ndipo iwo anati atiphere tambala. Ana anali atapita kumtsinje, ndiye ine, pofuna kuonetsa kuti mwana wawo anakwatiwa ndi mwamuna, ndinavula jekete. Tambala anazungulira nkhokwe kamodzi, ine pambuyo. Anazungulira kachiwiri, ine pambuyo patali. Kachitatu anayima n'kumandidikira. Ndinapezeka ndakhala pansi pa mtengo wa mango, wefuwefu, maso akuona nyenyezi masana. Apongozi, mayi wa zaka zopitirira 70, anatuluka ndi chimanga chodzaza dzanja, anawaza pansi, n'kumugwira tambala uja ndi dzanja limodzi. Sanandiyang'ane. Anangouza mwana wawo motsitsa mawu, koma mokwanira kuti ndimve: "Apongoziwa muwapititse kuchipatala, nkhuku zisatimalizire anthu."

Mu Januwale ndinapita, mayi a kunyumba atanyamula kabuku kanga ka kuchipatala ngati ndine mwana wa kusikelo. Anatiuza kuti ndibwere m'mawa osadya kanthu kuyambira usiku. Ine, pokhala wochenjera, ndinasala shuga masiku awiri athunthu kuti magazi akandichitire umboni wabwino.

Adokotala anali mtsikana woti ndikanatha kumubala. Anayamba ndi mafunso.

"Bambo, mowa mumamwa?"

"Apo ndi apo."

"Apo ndi Lachisanu, apo ndi Loweruka," anatero mayi a kunyumba, maso ali pakhoma.

"Fodya?"

"Ndinasiya kalekale."

"Anasuta zaka 15. Anasiya atadwala TB."

Ndinazindikira kuti ndabwera ndi mboni ya boma.

Kenaka adokotala anatulutsa tepi, yofanana ndendende ndi ya telala wanga. Anapeza nthiti yomaliza, anapeza fupa la m'chiuno, n'kuzunguliza tepiyo pakati pa ziwirizo, cha pamchombo. Ndinakokera mimba m'kati ndi mphamvu zanga zonse. Iwo anangodikira. Munthu sungagwire mpweya mpaka kalekale, makamaka munthu amene anagonja kwa tambala. Nditatulutsa mpweya, tepi inati masentimita 112.

Zotsatira za magazi zitabwera, anandilembera mizere isanu papepala. Chiuno: kwa mwamuna wa kuno kwathu malire ndi masentimita 94, kwa mkazi 80, ine 112. Kuthamanga kwa magazi: malire 130 pa 85, ine 156 pa 98, ndipo anayeza masiku osiyanasiyana kuti ndisanene kuti ndinangoopa yunifolomu. Shuga wa m'magazi munthu asanadye: malire 5.6, ine 6.4. Mafuta a m'magazi otchedwa triglycerides: malire 1.7, ine 2.3. Mafuta abwino otchedwa HDL, amene amathandiza kuchotsa oyipa m'mitsempha, sayenera kutsika pansi pa 1.0 kwa mwamuna kapena 1.3 kwa mkazi; anga anali 0.9.

"Munthu akapezeka ndi zitatu mwa zisanuzi timati ali ndi metabolic syndrome," anatero adokotala. "Inu muli nazo zonse."

Kuyambira sitandade 1 mpaka folomu 4 sindinakhozepo mayeso alionse 5 pa 5. Awa anali oyamba.

Kusala kwanga kwa masiku awiri nakonso kunagwa m'madzi. Pali kuyeza kwina kotchedwa HbA1c kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira m'magazi kwa miyezi pafupifupi itatu. Kumeneko mandasi onse a mayi wamasiye uja analembedwa. Ndinapeza 6.2, pamene matenda a shuga enieni amayambira pa 6.5. Ndinali nditaima pakhomo, dzanja lili pachitseko.

Ndinafunsa kuti zatheka bwanji matenda asanu kundigwera nthawi imodzi, ngati wina wandiponyera. Adokotala anati ndi banja limodzi, ndipo kholo lake ndi chitukuko changa chija. Tikadya, kapamba amatulutsa insulini, amene ntchito yake ndi kugogoda pazitseko za minofu kuti shuga alowe akagwire ntchito. Mafuta akachuluka m'kati mwa mimba, kuzungulira matumbo, zitseko zija zimayamba kugontha. Kapamba amatumiza ogogoda ochuluka, shuga amatsalira m'magazi, impso zimasunga mchere ndi madzi, mitsempha imauma, BP imakwera. Anandiuza kuti dokotala wina wa ku America, Gerald Reaven wa pa yunivesite ya Stanford, ndiye anamanga zinthuzi mtolo umodzi mu 1988 n'kuzitcha Syndrome X. Mapeto a mtolowo akausiya ndi matenda a shuga, sitiroko ndi matenda a mtima. Ndipo sindinali ndekha: kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'Malawi mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe.

Ndinkaganiza kuti mlandu wathera pamenepo, koma panali mzere wina wozunguliridwa ndi cholembera chofiira: ALT, chizindikiro choti chiwindi chikuvulala. Yanga inali pafupifupi kuwirikiza kawiri malire ake. Apa adokotala sanathamangire kuloza mimba. Anati kuno kwathu chiwindi chili ndi adani ambiri, ndipo aliyense ayenera kufunsidwa payekha. Anandiyeza hepatitis B, poti katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu 2002 ndipo ife obadwa kale sitinamulandire. Anafunsa ngati ndinkasamba m'nyanja kapena m'madambo, chifukwa likodzo la m'matumbo limasiya zipsera m'chiwindi. Anafunsa za mtedza ndi chimanga chachuku, za Panado amene ndinkameza Lamlungu lililonse m'mawa pochiza matsire, za mankhwala azitsamba. Hepatitis sanapezeke, likodzo silinapezeke. Atandipaka mafuta ozizira pamimba n'kuyendetsa kamakina ka sikani, chiwindi chinaoneka chowala kuposa mmene chiyenera kukhalira. Chinali chodzaza mafuta.

Chiwindi ndi nkhokwe ya thupi. Magazi ochokera m'matumbo amayamba adutsa kumeneko, ndipo shuga wotsala amasandutsidwa mafuta n'kusungidwa. Mafuta a m'mimba nawonso amathira katundu wawo mumsewu womwewo. Nkhokwe ikadzaza mopitirira imayamba kutupa, kutupako kumasiya zipsera, ndipo zipsera zikachuluka chiwindi chimauma osabwereranso. Choopsa n'chakuti sichipweteka kufikira zinthu zitafika patali. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Changa chinali chisanafike pouma, koma ndinkachimenya mbali ziwiri, nsima ndi shuga mkati mwa sabata, mowa kumapeto kwake.

Mapapo anali ndi mbiri yawoyawo. Poti ndinadwalapo TB, anayamba ayeza makhololo pamakina a GeneXpert, ndipo sanapeze kachilombo. Ekisileyi inaonetsa zipsera zakale kumtunda kwa phapo lakumanja. Kenaka anandipatsa kachubu kuti ndiuziremo ndi mphamvu zonse, nesi akundikuwiza ngati ndili pampikisano. Munthu wa mapapo abwino amatulutsa magawo 70 pa 100 alionse a mpweya wake, kapena kuposerapo, m'sekondi yoyamba. Ine, ngakhale atandipopera mankhwala otsegula njira, ndinatulutsa 64. Njira za mpweya zinali zitachepa. Olakwa anali atatu: TB ija, ndudu za zaka 15, ndi utsi. Ndinakulira m'khitchini yaudzu yopanda zenera, pafupi ndi mafuwa a amayi anga, ndipo kunyumba kwanga mbaula tinkayilowetsa m'nyumba mwezi wa Juni kuti tiothe. Mimba inangobwera kudzamaliza: imakankhira mapapo m'mwamba, makamaka munthu akagona chagada kapena akawerama, ndipo mafuta a pakhosi amatseka njira usiku. Kuleka kupuma kuja kumene mayi a kunyumba ankadandaula nako kumakwezanso BP. Ndiye onani mmene msampha unalili: befu ankandiletsa kuyenda, kusayenda kunkakulitsa mimba, mimba inkawonjezera befu.

Nditaulula za mapilitsi a mnzanga uja, adokotala anavula magalasi n'kupukuta kumaso. Prednisolone womwa kawirikawiri amakweza shuga, amakweza BP, amaunjika mafuta pamimba ndi kumaso, ndipo amafooketsa chitetezo cha thupi, chinthu choopsa kwa munthu amene anadwalapo TB. Propranolol amathina njira za mpweya mwa munthu wa chifuwa ngati changa. Ndinkamwa mankhwala a mutu amene ankatseka chifuwa, n'kumwa a chifuwa amene ankakweza chimene chinkapweteketsa mutu. Safunsa anadya phula.

Apa m'pamene ndinaona kuvuta kwa kuchiza nyumba imene muli odwala atatu pabedi limodzi. Mankhwala alionse ankayenera kufunsidwa kwa onse. A BP anandipatsa amlodipine, amene sakhudza chifuwa. Anati enalapril ndi wabwino koma kwa ena amayambitsa chifuwa chouma, ndipo zikanatisokoneza. A mafuta anandipatsa atorvastatin, n'kunena kuti chiwindi cha mafuta sichiletsa mankhwalawa bola tiziyeza magazi. A shuga anati tidikire miyezi isanu ndi umodzi tione chimene mbale ndi miyendo zingachite, zikakanika tiyambe metformin. Prednisolone sanandisiyitse mwadzidzidzi, anandichepetsera pang'onopang'ono, chifukwa thupi likamuzolowera kumudula tsiku limodzi n'koopsa. Pachifuwa anandipatsa kapampu ka salbutamol. Sabata yoyamba ndinkangopopera pa lilime ngati perefyumu, mpaka nesi anandionetsa kuboola kumatako kwa botolo lapulasitiki la mamililita 500, kulowetsamo kapampuko, n'kumakoka mpweya pang'onopang'ono kukamwa kwa botolo. Botolo la zoziziritsa kukhosi linandithandiza koyamba lili lopanda kanthu.

Mukuganiza kuti ndinamvera? Patangotha milungu itatu ndinakumana ndi bambo wina kudepoti, wa chimkuzamawu ndi mabotolo a madzi akuda. Anati mankhwala ake amatsuka chiwindi, amasungunula mafuta, amachiza BP, shuga, mphumu ndi mavuto a m'banja. Ndinawerengera kuti botolo limodzi likuposa kusiya kanyenya. Ndinalibisa kuseri kwa matumba a chimanga n'kumamwa kapu m'mawa ndi madzulo. Chinkawawa kwambiri moti ndinakhulupirira kuti chikugwira ntchito. Mwezi wotsatira ALT inakwera kuposa poyamba. Adokotala anafunsa chimene chasintha, ine ndinati palibe, ndipo mayi a kunyumba anatsegula chikwama chawo n'kuika botolo lija patebulo. Anali atalipeza tsiku lachiwiri lomwe. Anangofuna kuti ndikamve kwa munthu wa satifiketi.

Kuyambira pamenepo ulamuliro wa m'nyumba unasintha manja. Adokotala anatipatsa manambala atatu, ndipo mwana wanga wamkazi anawalemba pakalendala ya pabalaza. Kutsitsa sikelo ndi magawo 7 mpaka 10 pa 100, amene kwa ine ndi makilogalamu 7 mpaka 10, chifukwa pamenepo mafuta ndi kutupa kwa chiwindi zimabwerera. Kuyenda mwandawala mphindi 150 pa sabata. Mchere wosapitirira magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo wobisika mu soseji ndi timakyubu tokometsera ndiwo. Mowa anati ziro, ndipo nambala imeneyo sinafunike kulemba.

Ufa woyera unachoka, mgaiwa unalowa. Mitanda inatsika kufika pa iwiri, ndipo chipande chimene amaomolera yanga ndikukhulupirira kuti anachigula kumsika wa zidole. Theka la mbale linakhala bonongwe, chisoso, nkhwani kapena mpiru wotendera, pambali nyemba, nandolo, usipa kapena matemba. Zakudya zimene ndinazithawa pochoka kumudzi, poganiza kuti ndi za umphawi, ndi zimene anandilembera ngati mankhwala. Mbaula inatuluka panja ndipo sinalowenso. Botolo limodzi laling'ono la zotsekemera lili ndi shuga wokwana timasupuni pafupifupi 8, ndiye mwana wanga anathira timasupuni 8 m'kapu n'kundiuza kuti, "Adadi, tadyani tione." Sindinathe.

Ndinabako ndithu. Tsiku lina ndinadya mandasi awiri kuseri kwa minibasi, n'kuyiwala kuti mafuta amasiya chidindo pathumba la shati. Kuyenda kwa m'mawa ndinkayamba bwino, ndikangokhota pakona n'kukwera kabaza, kufikira mnyamata wa kabaza anakumana ndi mayi a kunyumba kuchigayo n'kuwathokoza chifukwa cha kasitomala wokhulupirika. Kuyambira tsiku limenelo timayenda awiri. Poyamba ndinkaima katatu tisanafike pamjigo. Patatha miyezi iwiri ndinkaima kamodzi. Tsopano ndimafika ndikulankhula.

Chovuta kuposa njala chinali china. Nditatsika makilogalamu asanu ndi limodzi, mayi wina kutchalitchi anandigwira dzanja nthawi yayitali n'kunena kuti, "Tikukupemphererani, bambo." Mawu otsitsa aja a mu 2004 anabwerera. Usiku umenewo ndinafuna kuitanitsa mitanda isanu. Mayi a kunyumba anandiyang'ana n'kunena kuti, "Abambo, anthu amenewa mukawasangalatsa ndi mimba, adzabwera kudzadya nyemba pamaliro anu n'kumati munali wonenepa bwino." Ndinadya iwiri. Lamlungu lotsatira ndinayamba kuuza aliyense wondifunsa kuti ndikuonda dala, ndipo ndinadabwa kuona kuchuluka kwa amuna amene ananditengera pambali kudzafunsa kuti tepi ija amayeza pati.

Papita chaka ndi miyezi iwiri. Sikelo ikuti 89, tepi ikuti 101, BP imasewera cha pa 132 pa 84 ndikamamwa mankhwala tsiku lililonse, shuga wam'mawa ali pa 5.7, ALT yabwerera m'malire ake. Metformin sindinayambe. Mapapo sadzabwerera mwakale, zipsera sizichoka, koma kapampu ndimakagwira mwa apo ndi apo, ndipo apo ndi apo wa ulendo uno ndi weniweni. Pa mayeso aja ndikukhozabe atatu, kutanthauza kuti dzina lija likadali langa ndipo masentimita 7 akundidikira.

Mwezi watha ndinabwerera kwa telala ndi thalauzi lomwe lija kuti alibweze. Analitembenuza, n'kufunsa kuti, "Bwana, chitukuko chija chapita kuti?" Ndinamuuza kuti chinali cha ngongole.

Inu amene mukuwerenga muli chigonere pampando, lamba atamasulidwa bowo limodzi, bwerekani tepi kwa telala wa pafupi. Imani chilili, tulutsani mpweya, musakokere mimba m'kati, yezani cha pamchombo. Ikapitirira 94 kwa abambo kapena 80 kwa amayi, pitani mukayezetse BP ndi shuga, ndipo mukawauze adokotala zoona zonse, kuphatikizapo mapilitsi a mnzanu ndi botolo la kuseri kwa matumba. Ngati simungathe kunena zoona nokha, tengani akunyumba.